Mmene ndinanenepetsera ng'ombe za malowolo a Dalitso

Pa zaka zonse zimene ndagwira choko, ndalakwitsapo masamu pa bolodi kangapo, ana n'kuseka, ine n'kufufuta, moyo n'kumapitirira. Koma tsiku limene ndinatsala pang'ono kuphetsa ukwati wa mnzanga, masamu anga anali olondola kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mpaka lero ndikakumbukira, thukuta limatuluka ngakhale kunja kuli chisanu cha ku Mzimba.

Ine kwathu ndi ku Dowa, koma boma linanditumiza kudzaphunzitsa masamu pa sekondale ina pa Mzimba boma. Ndili ndi matenda amene mkazi wanga amati alibe mankhwala: nkhani za ndalama. Sindikunena kuti ndili nazo ayi (malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa, amafika ali wefuwefu n'kukomokera pakhomo), koma kuzitsatira. Wailesi ikayamba za malonda, ana amadziwa kuti kutsokomola n'koletsedwa. Umo ndi mmene ndinaphunzirira za chinthu chotchedwa indekisi, muyezo woonera ngati ndalama ya dziko ikulimba kapena ikufooka, ndipo nditachimvetsa ndinkangofuna munthu woti ndimufotokozere. Aphunzitsi anzanga akandiona ndikubwera ndi nyuzipepala kukhwapa, aliyense ankakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi kalasi.

Dalitso ndi mnyamata wakwathu, mlangizi wa zaulimi, ndipo popeza tonse tinali alendo kuno, ankandiitana achimwene. Anakondana ndi Tiwonge, telala wa pa msika, mwana wa a Moyo a kumudzi wina kufupi ndi Champhira. Zinthu zinkayenda mwapang'onopang'ono mpaka pamene a ku ofesi anamuuza Dalitso kuti akumusamutsira ku Nsanje kumapeto kwa mwezi. Makolo a Tiwonge anali atanena poyera kuti mwana wawo sangawoloke ngakhale mlatho umodzi malowolo asanathe. Choncho nkhani inali yachidule: zikambidwe n'kutha mwezi usanathe, apo ayi Dalitso akwere lole yekha ndi matilesi ake.

Amalume ake a Dalitso anali kudwala mwendo ku Dowa, ndiye anandipempha kuti ndikakhale m'malo mwa akwawo. Ndinavomera mosangalala, mpaka ndinasitanso jekete. Woyankhula anali a Shaba, bambo wachikulire wa ku tchalitchi kwathu. Iwo ndiwo anali thenga, mkhalapakati wonyamula mawu a mbali zonse ziwiri. Tisananyamuke anandikokera pambali.

"Asambizgi," anatero (ndi mmene amaitanira mphunzitsi kuno), "inu ntchito yanu ndi imodzi waka. Kukhala, kumwetulira, ndi kuwomba m'manja ena akawomba. Pakamwa ndi panga. Mwapulika?"

"Ndamva, bambo. Ine sindine wolongolola."

Mkazi wanga anali pakhomo akuanika zovala. Anangotsokomola.

Kwathu za ng'ombe sitizidziwa kwenikweni, ndiye m'njira a Shaba anandifotokozera pang'ono. Malowolo amatchulidwa m'ng'ombe, koma mabanja ambiri masiku ano amalandira ndalama, ng'ombe iliyonse n'kuipatsa mtengo umene banjalo lagwirizana. A Shaba ankadziwa mtengo umene a Moyo anaika pamene ankalowoletsa mkulu wake wa Tiwonge zaka zingapo zapitazo, ndipo Dalitso anali atasonkhanitsa zake motsatira mtengo umenewo. Chimene sanandiuze, ndipo inenso sindinafunse, n'chakuti anali atamuuza kale Dalitso kuti aikepo kena pamwamba, chifukwa banja lililonse limakweza pang'ono kuti lisaoneke ngati likutaya mwana. Safunsa anadya phula.

Dalitso tinamusiya pa golosale ina pa Champhira, poti mkamwini sakhala nawo pa zokambirana. Ife tinalowa m'nyumba ya a Moyo, abambo pa mipando, amayi pa mphasa chakukhomo. Moni anayenda mozungulira mpaka manja anga anatentha n'kuwomba. Ndinamwetulira monga anandiuzira. Chiwerengero cha ng'ombe anagwirizana popanda phokoso, ndipo ndinayamba kudziona ngati munthu wodziwa mwambo.

Kenako bambo a Tiwonge anakonza kukhosi.

"Tsono a Shaba, mukudziwa mmene zinthu zilili. Ana athu ali ku Joni akuti randi yakwera chomene, kwacha yathu yagwa. Ng'ombe singakhale pa mtengo wakale. Tiwonjezerepo pang'ono."

Anatchula kowonjezerako. A Shaba anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nkhope ili ngati ya munthu amene wamva uthenga wa maliro. Lero ndikudziwa kuti imeneyo inali nkhope ya ntchito chabe, mumtima anali akuvina chifukwa kowonjezerako kanali m'thumba kale. Koma ine ndinaona mkulu wosauka akuponderezedwa pa nkhani imene ine ndekha m'nyumba monsemo ndinkaidziwa. Mtima unandiuza kuti Mulungu sanandibweretse ku Champhira kudzangowomba m'manja.

"Pepani akuluakulu, ndiponyepo liwu limodzi."

A Shaba anandiponda phazi. Ndinaganiza kuti akundilimbikitsa.

"Kwacha simungaiyeze ndi randi yokha," ndinatero. "Timu ya mpira simungaidziwe mphamvu itasewera ndi timu imodzi. Mwina randiyo ndi imene yangonenepa payokha. Akatswiri amatenga ndalama za maiko angapo amene timachita nawo malonda, n'kuziika pamodzi ngati m'dengu, kenako n'kuona kuti kwacha ikugula zochuluka bwanji za m'dengumo. Umenewo ndiye muyezo wachilungamo."

Kenako pakona panadzuka mkulu wina wamagalasi amene anali chete nthawi yonseyi. Anali mkulu wawo wa bambo a Tiwonge, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti anagwira ntchito ku banki ku Mzuzu mpaka kupuma. Anandiyang'ana ngati waona m'bale wake amene anatayika kalekale.

"Asambizgi! Mukunena indekisi?"

"Eya, bambo!"

"Chiuta wane! Chibwerereni kumudzi kuno ndilibe woyankhula naye zimenezi. Ndikayamba, onse amapita kukamwetsa ng'ombe. Tiyeni panja, bweretsani dengu!"

Abale, munthu amene wakhala zaka akuthawidwa ndi anzake akapeza womumvetsera, nzeru zimachoka. Ndinaiwala jekete pampando, ndinaiwala a Shaba, ndipo kunena zoona ndinaiwala kuti kunja kuno kuli munthu dzina lake Dalitso. Msonkhano wonse unatitsatira pabwalo. Anabweretsa dengu lenileni la chimanga, ife n'kutola miyala khumi.

Ndinafotokozera anthu kuti ndalama za m'dengu sizilemera mofanana. Imene timaigwiritsa ntchito kwambiri imalandira miyala yambiri, chifukwa ikasuntha imatipweteka kwambiri. A Moyo a kubankiwo anati randi ilandire miyala isanu, poti theka la mudziwo lili ku Joni. Ine ndinakana kwamtuwagalu.

"Ayi bambo, dola ndiye mwini bwalo. Feteleza timagula ndi chiyani? Nanga mafuta a galimoto? Fodya wanu amagulitsidwa m'ndalama yanji? Dola miyala isanu, randi itatu."

"Mwayowoya unenesko," anavomera kuti ndanena zoona. "Wina wa kwacha ya ku Zambia, poti malire ali pafupi apa. Wotsalawo wa shilingi ya ku Tanzania, kumene amayiwa amatenga zitenje."

Amayi anavomereza za zitenjezo mokweza.

Chimene chinkandilimbitsa mtima n'chakuti sabata imeneyo wailesi inanena kuti kwacha yakhazikika chifukwa msika wa fodya watsegulidwa. Ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti dengu lionetsa kuti a Moyo akukokomeza. Sindinaime n'kuganiza kuti nkhani ya sabata imodzi ndi nkhani ya zaka zingapo n'zosiyana. Ndiponso ndinaiwala chinthu chimene ndinkachidziwa bwino lomwe, chakuti randi nayo yakhala ikugonja kwa dola. Ndiye kuti pochotsa miyala ku randi n'kupatsa dola, ndinali kuchotsa kwacha yathu m'manja mwa mdani wofooka n'kukaipereka kwa chiphona.

"Tiyambire pati?" anafunsa mkuluyo. "Muyezo uliwonse umafuna poyambira."

Apa ndi pamene ndinadzikumbira dzenje lenileni.

"Tiyambire chaka chimene munalowoletsa mkulu wake wa Tiwonge, poti mtengo wa ng'ombe munauika nthawi imeneyo. Tsiku limenelo tilitche handiredi. Tikapeza kuti lero nambala ili pafupi ndi handiredi, mtengo usasinthe. Ikatsika, mtengo ukwere molingana."

"Mwamva nonse?" anatero mkuluyo potembenukira kwa anthu. "Mawu achokera kwa alendo."

A Shaba anayesa kundikoka malaya. Anati, "Asambizgi, tiyeni tikamwe madzi." Ndinawayankha kuti ndilibe ludzu.

Mkulu uja mitengo ya ndalama anali nayo m'mutu ngati nyimbo za m'buku la tchalitchi, ya chaka chimenecho ndi ya sabata imeneyo. Iye ankatchula, ine ndinkalemba pansi ndi kamtengo. Tinayamba ndi shilingi, nambala inatsika pang'ono. Kwacha ya ku Zambia, inatsikanso. Randi, inatsika ndithu. Titafika pa dola ndi miyala yake isanu ija, nambala inagwa ngati munthu woterereka pa matope. Munthu wanzeru akanadwala mutu pomwepo n'kupempha kuti tipitirize tsiku lina. Ine ndinali nditatenthedwa, ndinkangoona kukongola kwa samuyo.

Ndipo mverani izi. Pophatikiza, mkulu uja analakwitsa. Anaiwala kuchulukitsa dola ndi miyala yake yonse, ndipo yankho lake linatuluka lofewa, loti mwina Dalitso akanalipirira. Palibe wina aliyense pabwalopo amene akanaona. Koma mphunzitsi wa masamu kuona samu yolakwika n'kukhala chete, n'chimodzimodzi kumuuza tambala kuti asalire.

"Pepani bambo, apa mwadumpha."

"Ah, yewo! Maso akukalamba. Konzani, asambizgi."

Ndinakonza. Pa handiredi uja, zotsala sizinafike n'komwe makumi anayi. Ndinafotokoza momveka bwino, ngati ndili kutsogolo kwa Fomu 4, kuti kwacha ya lero ikugula zosakwana theka la zimene inkagula nthawi ija, choncho mtengo wa ng'ombe uyenera kuwirikiza kawiri, n'kuikaponso theka pamwamba. Ndinataya kamtengo, ndinasasa fumbi m'manja, n'kuimirira kudikira kuti anthu awombe m'manja.

Anawombadi. Amayi analulutira mpaka nkhuku zinathawa. Ndinaweramitsa mutu modzichepetsa, ndipo poudzutsa ndi pamene ndinaona kuti onse owomba m'manja ndi a kwa Moyo. A Shaba anali atakhala pa mtondo wogubuduzika, chipewa chili pa bondo, manja onse awiri kumutu.

"Yewo chomene, aphunzitsi," anatero bambo a Tiwonge. "Ife timati tiwonjezere pang'ono waka. Koma poti mwanena ndinu eni ake, mbwenu sitingakane. Kutsutsa mlendo n'kupanda ulemu."

Dalitso tinamupeza pa golosale paja atatigulira kale zoziziritsa kukhosi, mano onse ali pamtunda.

"Zayenda bwanji, achimwene?"

"Zokambirana zinali zapamwamba kwambiri," ndinatero.

A Shaba anamuuza zonse m'mawu ochepa. Dalitso sanakalipe. Anatenga botolo limene anandigulira, n'kulibweza kwa mwini golosale. Pobwerera ndinakwera kumbuyo kwa njinga yake yamoto, ndipo ndikutsimikiza kuti panalibe dzenje ngakhale limodzi pakati pa Champhira ndi boma limene analizemba.

Kunyumba mkazi wanga anamvetsera nkhani yonse, kenako anafunsa funso limodzi lokha: "Ndiye inuyo munapita kumbali ya ndani?" M'mawa mwake kunabwera Tiwonge, tepi yoyezera ili m'khosi, maso ali ofiira.

"Alamu, ndamva kuti ndine wodula chomene. Yewo. Tsono Dalitso akapita yekha ku Nsanje, ine ndikubwera kudzakhala pano ndi makina anga. Muzidzandidyetsa za m'dengu lanulo."

"Chipinda chilipo, mlamu," anayankha mkazi wanga. "Awa azigona kukhitchini."

Tinaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha. Madzulo ake ndinadutsa kwa Dalitso n'kumupeza akumanga makatoni. Mbale anali atazigawa pawiri, zina zopita nazo, zina zosiyira Tiwonge. Pamenepo manyazi anasanduka mantha enieni. Mnyamatayu anandikhulupirira ngati mkulu wake, ndipo ine ndinagulitsa ukwati wake kuti ndimve kukoma kofotokoza.

Loweruka lotsatira ndinanyengerera a Shaba kuti tibwerere. Anavomera nditalumbira kuti ndikatsegula pakamwa popanda chilolezo andisiye komweko. Mkulu wa kubanki anatilandira ndi chimwemwe chachikulu. Anali ataganiza zoti tiwonjezere paundi m'dengu muja. A Shaba atandilola, ndinayesa kuchonderera kuti mwina dola tinaipatsa miyala yambiri.

"Yayi, asambizgi, musadzichepetse. Munanena nokha za feteleza. Samu ija ndaibwereza kangapo, ilibe banga."

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga munthu anayamikira masamu anga, ine n'kumva ngati wandimenya khofi.

Tili pomwepo, bambo a Tiwonge anatikodola kuti tikaone ng'ombe. Titafika kuseri kwa khola anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. Nkhope yawo sinali ya munthu amene wapambana.

"Aphunzitsi, dengu lanu lija, kodi silingabowoke?"

Nkhani yake inali iyi. Amayi aja analulutira anakaifalitsa ku chigayo ndi ku tchalitchi, ndipo inafika kumudzi woyandikana nawo kumene mwana wamwamuna wa a Moyo, amene ali ku Joni, anatomera mtsikana. A kumeneko anatumiza uthenga waulemu kwambiri, woti amva za muyezo watsopano wa kwa a Moyo, aukonda, ndipo adzaugwiritsa ntchito Disembala ikubwerayi. Tsono Tiwonge anali mwana wamkazi womaliza. Kumbuyo kwake kunali anyamata anayi, onse osakwatira. Muyezo umene ukanawabweretsera ng'ombe zonenepa kamodzi ukanawalanda kanayi.

"Muyezo suyang'ana nkhope, bambo," ndinatero. "Ukauvomera pogulitsa, umakupezanso pogula."

"Asambizgi," anatero a Shaba, "chilolezo chatha."

Akuluakulu awiriwo anagwirizana msanga. Mtengo ubwerere pa wakale ndi kowonjezera kaja. Koma a Moyo sakanangobweza mawu popanda chifukwa, mudzi woyandikana nawo ukanati akuthawa. Panafunika kuti muyezowo ufe pamaso pa anthu, ndipo woupha akhale mwini wake. Anandiyang'ana onse awiri.

Choncho masana amenewo ndinagwada pabwalo lomwe lija, pamaso pa amayi omwe aja, ine mphunzitsi wa masamu wa pa sekondale ya boma, n'kunena mokweza kuti samu ija ndinalakwitsa yonse, kuti za madengu sindizidziwa bwino, ndipo ndinangozimvera pa wailesi yosamveka. Mkulu wa kubanki anadumpha.

"Utesi! Akunama awa! Samu ija..."

Mng'ono wawo anawanong'oneza kena kake m'khutu (ndikuganiza kuti anawakumbutsa kuti pa malowolo a anyamata anayi aja nawonso adzasonkha). Mkuluyo anakhala pansi pang'onopang'ono, anavula magalasi, n'kunena mosweka mtima kuti nayenso maso ake sakuona bwino masiku ano. Tinayang'anana ngati anthu awiri amene aika m'manda mnzawo wapamtima.

Anandilipitsanso mbuzi chifukwa choyankhula pamene panali thenga. Anatsindika kuti ikhale mbuzi yeniyeni, ya miyendo inayi, yolira. Ndipo poti nkhani yoipa ili ndi miyendo, Lolemba ndinapeza kuti yafika kale kusukulu. Ndikulemba samu pa bolodi, mtsikana wina wa kumbuyo anakweza dzanja n'kufunsa mwaulemu kuti, "Sala, imeneyi mwaitsimikiza, kapena mudzabweranso kudzapepesa?"

Ukwati unachitika mwezi usanathe. Tsiku losamuka tinathandiza kukweza katundu mu lole: matilesi, makatoni a mbale zimene tsopano zinabwerera pamodzi, ndi makina osokera a Tiwonge atakulungidwa m'bulangete. Dalitso anali asanandiyankhulebe bwinobwino chichitikireni zija, ndipo ndinkaopa kuti apita ndi mkwiyo wake mpaka ku Nsanje. Lole italiza injini, anatulutsa mutu pawindo n'kundikodola. Ndinathamangira.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu kuti mkazi wake asamve, "mwana woyamba akadzakhala wamkazi, tidzakuitanani. Mudzabwere nalo dengu lija."

Mwanayo anabadwa chaka chotsatira, ndipo ndi wamkazi. Ndinalonjeza mkazi wanga kuti za ndalama za eni ndinasiya, ndipo pa zokambirana za ukwati sindipitanso ngakhale atandiitana ndi galimoto. Koma mtengo wa dola wa tsiku limene mwanayo anabadwa ndinausunga bwinobwino, poti muyezo uliwonse umafuna poyambira.